Nsalu Yopanda Bangwe

Pakhomo lolowera kuchipinda m'nyumba yathu ya ku Zingwangwa panalibe chitseko. Panali nsalu yakuda, yokhuthala ngati tenti ya pamaliro, yolembedwa zilembo zoyera zikuluzikulu. Inali yaitali kwambiri, moti amayi anangoikoleka pa waya n'kuisiya igwere mbali zonse ziwiri, theka pabalaza, theka kuchipinda. Inkanunkha utsi wa mbaula, sopo wochapira, ndi kafungo kena kamene ndinadzakazindikira nditakula kuti kanali ka dizilo. Ukaikankha polowa sinkauluka monga zichitira nsalu zina. Inkabwerera n'kukumenya paphewa.

Zolembedwazo anali mayina a malo. Mbali ya pabalaza panali NDIRANDE, CHEMUSA, CHILOMONI, ZINGWANGWA ndi ena, oimirira bwinobwino kuti alendo aziwerenga podikira tiyi. Mbali ya kuchipinda mayinawo anali ozondoka, poti nsalu inali itadumpha waya: LIMBE, CHIGUMULA, MACHINJIRI, ndipo pansi penipeni, pafupi ndi mphasa yanga, DEPOT. Ine ndinaphunzira kuwerenga ndili chigonere pamphasapo, kotero zilembo zanga zoyamba zinali zoyenda ndi mutu. Nditayamba Sitandade 1 ndinkagwira buku mozondotsa, ndipo ndinakwapulidwa kawiri asanakhulupirire kuti sindikuchita dala. Mpaka lero kalata ya munthu amene wakhala moyang'anana nane ndimaimaliza mwini wake asanafike pakati, khalidwe loipa limene ndalephera kulisiya.

Amene anabweretsa nsaluyi ndi bambo anga. Anali dalaivala wa mabasi akuluakulu a m'tauni, aja osanja, masiku amene maminibasi anali asanadzaze mumsewu. Kampani itayamba kugulitsa mabasi okalamba kwa ophwanya zitsulo, antchito ankatolako tinthu ta chikumbutso, wina belu, wina mpando. Bambo anatenga nsalu ya pachipumi pa basi yawo, ija imaonetsa kumene basi ikupita. Ine ndili ndi zaka zitatu iwo anachoka pakhomo, nsalu inatsala. Ndikafunsa, yankho la amayi linali limodzi: ali ku ntchito, kutali. Ndiye ndinadzipangira nzeru zanga. Ku Ndirande kunali azakhali, ku Limbe tinkakagula ulusi, ku Chilomoni tinapitako kuukwati, koma sindinamvepo za munthu wokhala ku DEPOT, poti sindinkadziwa kuti ndi kumene mabasi amagona. Ndinatsimikiza mumtima kuti bambo ali kumeneko, ndipo kuti n'kutali kuposa kwathu ku Nsanje.

Pansaluyo panali chinthu chimodzi chimene chinkandisowetsa mtendere. Amayi anali telala, makina awo ankakhala pakhonde, ndipo msoko wawo unali wowongoka moti azimayi a kutchalitchi ankachoka ku Chilobwe kudzasoketsa yunifolomu kwa iwo. Koma pakati pa LIMBE ndi CHIGUMULA panali msoko wa pamanja, wa ulusi wofiira, wokhotakhota, pena wothina pena wotayirira. Mwana wophunzira kusoka akanachita bwinoko. Ndinkauyendetsa chala m'mawa uliwonse ndisanadzuke, n'kumadabwa kuti ndani anawasokera amayi moipa chonchi iwo n'kungomusiya.

Nyengo imene ndikukumbukayi ndi ya chiperoni, chaka chimene ndinali Sitandade 5. Phiri la Soche linkasowa m'chifunga mpaka masana, ndipo zala zinkakana kugwira bolopeni. Aphunzitsi athu, bambo wamtali wa jekete imodzi ya bulauni, anaona kuti m'kalasi ya mawindo opanda magalasi palibe chikulowa m'mitu mwathu. Lachisanu lina anatiimika awiriawiri n'kutiyendetsa wapansi mpaka ku miyuziyamu, kumene amasungako zinthu zakale. M'katimo tinaona makasu a makolo, bwato, ndi njoka za m'mabotolo. Anzanga anakanirira pa mkango wakufa koma woimirira. Ine chinandikoka ndi phokoso la kupala chitsulo limene linkachokera kuseri.

Kuseriko kunali shedi ya malata, ndipo m'shedimo munali basi yosanja, yopanda matayala, itakhazikidwa pa zipika. Ndinali ndisanaonepo basi yokhala ndi masitepe m'mimba. Pansi pake panatuluka mdala waimvi wovala ovololo ya girizi, chala chimodzi chodukira pakati. Aphunzitsi anawatchula kuti amisiri, ndipo dzina lina sindinalidziwe. Anali atagwira ntchito ya umakaniko ku kampani ya mabasi moyo wawo wonse, ndipo atapuma a miyuziyamu anawapempha kuti adzutse basi imeneyi. Anaipeza ku Machinjiri kuseri kwa nyumba ya munthu, pansi mukugona nkhuku, pamwamba akuyanikamo chimanga.

Kagwiridwe kawo ka ntchito kanali kodabwitsa. Pambali pa basi anali atapala ndi lezala kamalo kochepa ngati chikhatho, pang'onopang'ono, mpaka mitundu yonse ya penti imene basiyo inavalapo inaonekera motsatizana. Anatiuza kuti asanapake chilichonse ayenera kudziwa umene unali woyamba. Bawuti yadzimbiri ankaiviika m'mafuta sabata yathunthu m'malo mokagula ina ku Ndirande. Lamulo lawo linali lakuti chakale chimene chingachire sachitaya. Ife ana a nsapato zobadwa nazo tinangoyang'anana, poti kwathu lamulo limeneli linalipo kale, kungoti sitinkalitcha ukatswiri.

Pakhoma la shedi panali chithunzi cha pakalendala. Chinali cha basi yosanja ngati yomweyo, koma pamutu pake panatuluka mitengo iwiri yachitsulo yopendekera kumbuyo, yokhudza mawaya a m'mwamba. Amisiri anati dzina lake ndi trolebasi, ndipo simwa dizilo, imayamwa magetsi kudzera m'mitengo imeneyo. Chithunzicho anawatumizira anzawo a ku miyuziyamu ina ya kutsidya kwa nyanja, amene ankalemberana nawo makalata n'kumalangizana za penti ndi dzimbiri. Kumeneko, akuti, mabasi amenewa anasiya kale kunyamula anthu m'misewu, koma madala opuma pantchito amasonkhana Loweruka lililonse kuwakonza. Anamanga mawaya pabwalo kuti basi izizungulira n'kubwerera pomwe yachokera, anthu atakwera ndi matikiti m'manja. Dzina la trolebasi linatikanika kutchula. Tisanatuluke m'shedimo tinali titaibatiza kale kuti basi ya nyanga.

Ine pakamwa panga panalibe mabuleki. Ndinakweza dzanja n'kufunsa kuti, nanga magetsi akazima anthu amagona m'basi momwemo?

"Kumeneko akuti sazima," anayankha amisiri.

Kalasi yonse inagwa nacho chiseko, ndipo ngakhale aphunzitsi anabisa pakamwa ndi dzanja. Tinagwirizana kuti mdalayo anzake a makalata amupusitsa.

Kenako anatitengera kutsogolo kwa basi n'kuloza pachipumi. Panali kawindo kagalasi kopanda kanthu. Anatiuza kuti m'katimo muli timigogo tiwiri tachitsulo ndi chopukusira, ndipo kale pankakulungidwa nsalu yaitali ya mayina a malo; kondakitala akapukusa, dzina linkasintha. Injini anali ndi chikhulupiriro kuti idzalira, mipando adzaisoka, koma nsalu imeneyo anaifunafuna Blantyre yense osaipeza. Wolemba zikwangwani akanatha kuwalembera ina, koma iwo anati imeneyo ikanakhala bodza lopakidwa penti. Anayamba kutchula mayina amene ankakhalapo, ndipo pofika pa Chilomoni ndinazindikira kuti milomo yanga ikutchula nawo.

"Nsalu imeneyo ili kwathu," ndinatero. "Timatchingira kuchipinda."

Madzi akatayika sawoleka. Amisiri anandiyang'ana, kenako anapempha aphunzitsi kuti awalembere kumene timakhala.

Kunyumba ndinayamba ndi nkhani yokoma. Ndinawauza amayi kuti aphunzitsi anatitengera kokaona basi ya nyanga. Phazi lawo linaima pa makina. Anachita chizindikiro cha mtanda, n'kundifunsa kuti nyangazo ndinazigwira kapena ayi, anazipachika pati, ndipo ndi mphunzitsi wamtundu wanji wotengera ana a eni kwa asing'anga nthawi ya sukulu. Anali atayamba kale kufunafuna mpango woti akaonane ndi ahedi. Ndinachita kujambula pansi ndi kamtengo, basi, mitengo iwiri, mawaya. Atamvetsa anaseka mpaka misozi, akupukuta ndi nsalu ya kasitomala. Ine poona kuti kunja kwacha, ndinawonjezera za nsalu ya pakhomo ija ndi zoti amisiri abwera kudzaiona. Chiseko chinaduka pomwepo.

"Nsalu ija ili ndi mwini wake," anatero. "Akabwera adzaipeze pomwe anaisiya."

Makina analira mpaka dzuwa kulowa, ndipo tsiku limenelo sanandiyankhulenso. Panthawiyo ndinkaona ngati amayi akuumira chinsanza chonunkha utsi. Lero ndikudziwa kuti nsalu ikanali pa waya, kwa iwo munthu uja anali asanachokeretu. Kuichotsa kunali kuvomera chimene anakhala akuchikana zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo amene anabweretsa mayesero amenewa pakhomo ndinali ine ndi pakamwa panga.

Lamulungu kunabwera amalume, achimwene awo a amayi, monga ankachitira sabata iliyonse tikaweruka ku Misa. Ankakhala ku Chemusa ndipo ankalondera pa nyumba ina yosungiramo katundu, koma kale anali kondakitala wa basi ya bambo. Ndi iwo amene anabwera ndi bambo kwathu koyamba kudzamwa tiyi, nkhani imene sankaikonda. Ukondakitala sunawachoke m'manja. Ankamenya kapu ndi supuni monga ankaimbira belu la basi: kawiri ndiye kuti tiyeni, kamodzi ndiye kuti imani. Pemphero la chakudya likatha ankamenya kawiri. Ine ndikachulutsa mafunso ankamenya kamodzi, ndipo ndinkamva. Za basi ya nyanga anati si zachilendo, madalaivala ena akale anali nazo pansi pa mpando, koma ya azunguyo n'njabwino poti nyanga zake zili poyera. Koma nsalu anangoiyang'ana kenako n'kuyang'ana mlongo wawo.

Koma Loweruka lotsatira amalume anapezeka ku shedi, ndipo kuyambira pamenepo sanaphonyenso. Kawiri ananditenga. Iwo ndi amisiri ankakangana ngati ana: wina akuti mipando ya pamwamba inali yofiira, wina akuti yobiriwira, wina akuti chingwe cha belu chinkadutsa kumanzere. Mkangano wa mipando unatha amisiri atatsegula msoko wa mpando umodzi n'kupeza kachidutswa kofiira kamene dzuwa silinakaone. Amalume anayenda monyada tsiku lonse. Ine ndinkakwera masitepe n'kukhala mpando wa kutsogolo, mmene munkanunkhabe zitosi ndi parafini wotsukira zitsulo, n'kumapukusa chopukusira chija. Timigogo tinkazungulira popanda chokulunga. Tsiku lina ndikutsika ndinawapeza amalume ataima pakhomo la basi, dzanja lili m'mwamba kufuna chingwe chimene panalibe. Atandiona ananamizira kukanda m'mutu.

Amisiri anabwera kwathu Lamulungu lina masana, atavala jekete ndi tayi, atanyamula katani yatsopano ya maluwa m'pepala la pulasitiki. Anapatsana moni ndi amayi mwaulemu wonse, anafunsa za kumudzi, za madzi a m'Shire chaka chimenecho. Maso okha ndi amene ankathawira pakhomo la kuchipinda. Atamwa tiyi anapempha madzi osamba m'manja, ndipo atapukuta bwinobwino m'pamene anagwira nsaluyo. Anayang'ana kuseri kwake, m'mphepete mwake, anainunkhiza. Anayamba kuwerenga mayina mokweza, amalume n'kumavomera lililonse ngati pa litaniya ya oyera. Poti mwamuna wachilendo sangalowe kuchipinda kwa mayi wa eni, amayi anakoka theka linalo kulibweretsa pabalaza. Chala chodukira chija chinatsika, chinadutsa LIMBE, chinaima pa ulusi wofiira.

"Apa panali Bangwe," anatero amisiri.

Ine ndinasuzumira kuti ndione, poti zinali zisanandifikepo m'mutu kuti msoko uja ukutanthauza kuti china chinachotsedwapo. Amisiri, pofuna kusintha nkhani, anafunsa kuti basi yake ankayendetsa ndani. Amayi anatchula dzina la bambo. Nkhope ya mdalayo inawala. Anati amawadziwa bwino, dalaivala wosamala, wosapsetsa kilatchi, ndipo si kale pamene anakumana nawo, mwezi wathawu, cha ku...

Supuni ya amalume inamenya kapu kamodzi.

Amisiri anali munthu wa mabasi. Anaima pomwepo, mawu ali pakamwa, n'kumeza. Anayang'ana ine, anayang'ana pansi, kenako anayamba kuyamikira tiyi amene anali atatha kale. Pamapeto pake anapempha nsaluyo mosazungulira. Anati aitenga mmene ililimo, ndi msoko wofiira womwewo, ndipo pa chikwangwani cha basiyo adzalemba kuti inasungidwa ndi banja lathu. Amayi anamvetsera mpaka anamaliza, manja ali pamiyendo.

"Bambo, ine ndine wosunga chabe. Mukapemphe mwini wake. Akavomera yekha, mudzatenge."

Polankhula mawu amenewa sankayang'ana amisiri, ankayang'ana amalume. Ndinadzamvetsa patapita zaka kuti amenewo anali mawu otumiza, ndipo amayi ankayembekezera kuti munthu akamva zoti nsalu yake ikufuna kutengedwa adzakana, kapena adzabwera yekha kudzaiona. Amisiri anatsanzika. Katani ya maluwa anaisiya pampando ngati aiwala, ndipo amayi anaiponya pamwamba pa kabati osaitsegula.

Masabata otsatirawo ine ndinali ndi ntchito imodzi: kufufuza kumene Bangwe inapita. Kusukulu tinali titaphunzira mwambi wakuti safunsa anadya phula, ndipo ndinautenga ngati chilolezo. Aphunzitsi ananditulutsa panja n'kuloza kum'mawa, kuseri kwa Limbe, kumene tsiku lopanda chifunga kumaoneka phiri. Anati Bangwe ili pansi pa phiri limenelo ndipo anthu ake ndi ngati ife tomwe. Amalume anati Bangwe sinasamuke, ili pomwe inali, kenako anamenya kapu kamodzi. Amayi anati mbewa zinadya. Ndinapita kukauyang'anitsitsa msoko uja ndipo ndinaona kuti m'mphepete mwake munadulidwa mowongoka. Nditabwerera kukawauza kuti mbewa zilibe sizasi, anandiyankha kuti safunsa anadya phula, koma wofunsitsa anadya mbama. Ndinasiya kufunsa mokweza, koma m'mutu mafunso anapitirira.

Amalume anazengereza Malamulungu awiri. Amayi sankawakumbutsa ndi mawu. Ankangowapatsa tiyi n'kuyang'ana nsalu, ndipo tiyi ankawakanika kumeza. Lamulungu lachitatu, titangotuluka Misa yoyamba, amalume anati sakhala, akupita kukafunsa mwini nsalu. Amalume akupita ku DEPOT. Ndinang'amba pepala m'kope n'kulemba msangamsanga kuti ndili Sitandade 5, ndinakhala nambala 4, ndipo ndaona basi yonga yawo. Analipinda n'kuliika m'thumba la malaya osandiyang'ana. Ndinadabwa kuti ulendo wautali chonchi akupita opanda chikwama, opanda bulangete, nyengo yozizira ngati imeneyo. Ndinawerengera kuti abwera pakatha sabata.

Anabwera tsiku lomwelo dzuwa likanali pamwamba pa nyumba za ku Chimwankhunda, nsapato zili matope ofiira. Amayi anandituma kukagula machesi, ngakhale machesi analimo. Ine ndinazungulira nyumba, kulowera pawindo la kuchipinda, n'kukhala pamphasa yanga kuseri kwa nsalu. Ubwino wa nsalu ija unali umenewo, sinkaonetsa mthunzi wa munthu.

"Mwawapeza, achimwene?"

"Ndawapeza."

"Ati bwanji?"



"Akuti, nsalu yake iti? Ndinachita kuwakumbutsa. Ndiye akuti ngati ilipobe, apatseni."

"Ngati ilipobe," anabwereza amayi, motsitsa, monga amachitira pobwereza muyeso wa kasitomala kuti asaiwale.

Sanalire, kapena ngati analira sindinamve. Ndinamva makapu akusonkhanitsidwa. Pochoka amalume anandipatsa masiwiti awiri, akuti achokera kwa bambo pothokoza kalata. Ndinawasunga sabata yathunthu osadya. Anali a mtundu umene anyamata ankagulitsa pa siteji ya maminibasi ku Limbe, ndipo ndikhulupirira kuti amalume anaulula bodza limeneli kwa ansembe, ngakhale ine ndinawakhululukira kalekale.

M'mawa mwake ndinadzutsidwa ndi kuwala kwachilendo. Pakhomo la kuchipinda panali pululu, waya yekha. Amayi anali panja akuchapa nsalu ija m'bafa, osaifikisa pamwala, akungoisisita ndi manja ngati akusambitsa khanda. Madzi oyamba anatuluka akuda bii. Chifukwa cha chiperoni inatenga masiku atatu kuti iume, ndipo masiku onsewo inali pachingwe kuchokera pa mpapaya mpaka pa bafa, ana a m'dera lathu akuphunzirirapo kuwerenga. Azimayi odutsa ankafunsa ngati tatsegula siteji. Amayi ankaseka nawo.

Tsiku lachinayi ndikuchokera kusukulu ndinawapeza atatsitsa sutikesi imene munkakhala yunifolomu yawo ya kutchalitchi ndi makadi athu a ubatizo. Pansi penipeni anatulutsa kanthu kokulungidwa m'chitenje chakale. Chinali chidutswa cha nsalu yomwe ija, koma chakuda ngati chatsopano, zilembo zake zoyera ngati ufa: BANGWE. Utsi sunachikhudze, dzuwa silinachione. Ndinafunsa kuti, si munati mbewa zinadya?

"Zabweza," anatero amayi. "Gwira uko."

Ndinagwira. Anatenga lezala n'kuyamba kudula ulusi wofiira uja, mfundo imodziimodzi, akuchotsa tizidutswa ndi zikhadabo n'kumatiponya pa mbaula. M'pamene ndinazindikira, poona mmene zala zawo zinkadziwira pamene ulusi unalowera, kuti msoko woipa uja anasoka ndi iwo omwe. Chimenechi chinandidabwitsa kuposa zonse, koma mbama ija ndinali ndikuikumbukira. Anaika chidutswacho pamalo pake, anachimanga ndi mapini, anasankha ulusi wakuda. Singano ziwiri zinathyoka chifukwa cha kukhuthala kwa nsalu. Atamaliza, misoko iwiriyo inali yowongoka moti unkachita kuifufuza ndi chala.

Loweruka amayi anavala chitenje chawo cha Lamulungu, anakulunga nsalu ija ngati mphasa, anaisenza pamutu, ndipo tinayenda wapansi mpaka ku miyuziyamu. Basi tsopano inali ndi matayala ndipo theka lake linali litapakidwa penti. Amisiri atationa anavula chipewa. Anayala nsaluyo pa tebulo, anayendetsa chala chawo chodukira mpaka pa BANGWE. Anati msoko wofiira uja akanaulandira ndithu, poti nawonso unali mbiri ya nsaluyo. Amayi anayankha kuti msoko umenewo unali wawo, sunali wa basi. Amisiri sanatsutse.

Kuikulunga pa timigogo kunatenga ola lathunthu, amisiri ndi amalume akukangana za mbali yoyambira. Zitatheka, amisiri anati woyamba kupukusa akhale amene anaisunga, ndipo dzina limene asiye pagalasi ndi limene alendo azidzaliona. Amayi anavula nsapato pakhomo la basi ngati akulowa m'nyumba ya eni, anakwera masitepe atagwira chitenje. Ine ndi amalume tinaima panja kutsogolo kuti tiziwauza limene laoneka. Chopukusira chinalira. Pachipumi paja panatuluka NDIRANDE, ndipo basi ija inasintha nkhope pomwepo, inaoneka ngati ingathe kunyamuka. CHEMUSA. CHILOMONI. Ine ndinkafuula lililonse. Litatuluka ZINGWANGWA amalume anamenya chitsulo cha basi ndi kiyi kamodzi, mokweza ndithu.

Nsalu sinaime. Anadutsa mayina ena awiri, kenako LIMBE, limene ndinazolowera kuliona lozondoka ndipo ndinachita kupendeketsa mutu kuti ndilizindikire. Kenako chopukusira chinayenda pang'onopang'ono mpaka zilembo zoyera zija zinakhala pakati penipeni pa galasi, ndipo chinaleka kulira. Amayi anatsika, anavala nsapato, anabwera kudzaima nafe n'kuyang'ana m'mwamba.

"Isiyeni pomwepo," anatero. "Ndi kumene inapita."

Amalume anaika kiyi m'thumba. Amisiri anavala chipewa n'kubwerera pansi pa basi yawo, ngakhale ndikukayika ngati kunali choti akonze.

Pobwerera amayi anandigulira mbatata yootcha, chinthu chimene sankachita, ndipo ankayenda mofulumira moti ndinkachita kuwathamangira. Madzulo ake anatsitsa katani ya maluwa ija pakabati n'kuikoleka pa waya. Inali yopepuka, inkauluka ndi kamphepo kalikonse, ndipo inalibe choti munthu awerenge. Ndinadana nayo mwezi wathunthu. Amayi sananenenso kuti bambo ali ku ntchito, ndipo ine, chodabwitsa, sindinazindikire kuti asiya kunena.

Mafunso anga awiri otsala ndinawayankha ndekha, ndili chigonere pamphasa kuyang'ana maluwa. Loyamba linali losavuta: amayi anasankha BANGWE chifukwa ndi dzina limene linali loyera kuposa onse, ndipo telala aliyense amaika mbali yokongola kunja. Lachiwiri linandivutitsa mpaka chiperoni chinatha. Amalume anapita bwanji ku DEPOT, kutali kuposa ku Nsanje, n'kubwerako tsiku lomwelo dzuwa lisanalowe? Ndinayesa sitima, ndinayesa ndege, zonse zinakana. Pomaliza ndinagwirizana nazo zoti kwinakwake, kuseri kwa Limbe, kuyenera kuti kuli basi ya nyanga, yothamanga ndi magetsi osazima, ndipo amalume poti anali kondakitala anawakweza ulere. Yankho limeneli linandikhutiritsa kwambiri moti ndinakawauza anzanga kusukulu.

Sindinkadziwa kuti kuchoka pakhomo pathu kukafika ku Bangwe, kumene kunali bambo anga, munthu ankangokwera maminibasi awiri, kusinthira pa Limbe.